Nyimbo ikakana kulira, wogulitsa asafulumire kubweza ndalama

Palibe chowawa kwa wochita malonda a zamagetsi ngati kuona kasitomala wadzulo akutulukira m'mawa katoni ili m'khwapa. Ndalama ija mwina yapita kale kokaoda katundu wina, kapena yalipira lendi ya shopu. Kasitomalayo wabwera ndi dandaulo loti makina omwe anagula ndi akufa: nyimbo zina akuimba, zina akudumpha, zina zikungodukaduka ngati wailesi ya mabatire otha.

Madandaulo otere amawadziwa bwino ogulitsa masipika ndi ma amplifier ku Limbe, ku Malangalanga mumzinda wa Lilongwe ngakhalenso ku Mzuzu. Amawadziwanso anyamata obena nyimbo, omwe ntchito yawo n'kuika nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemori khadi a anthu. Kawirikawiri mlandu umathera pa wogulitsa. Abweze ndalama, asinthe katundu, apo ayi alipire wokonza yemwe akatsegula makinawo n'kupeza kuti mulibe chowonongeka.

Chonsecho nthawi zambiri makinawo amakhala ali bwinobwino. Vuto limakhala pa mtundu wa fayilo ya nyimboyo, pa fulashi yomwe yasungidwa, kapena pa njira yomwe ikudutsa kuti ikafike pa sipika. Zonsezi wogulitsa atha kuzifufuza ali pa benchi pake, osatsegula makinawo n'komwe.

Nkhaniyi imavuta kwambiri pa makina oimbira nyimbo kudzera pa netiweki, omwe amapezeka mwa apo ndi apo pakati pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera ku South Africa ndi ku UK. Ndi timabokosi topanda polowetsera CD kapena kaseti. Timatenga nyimbo pa laputopu, pa foni, pa hard drive kapena pa intaneti kudzera pa WiFi kapena pa chingwe cha netiweki, ndipo mwini wake amasankha nyimbo pa foni. Mayina odziwika ndi Sonos, Bluesound, WiiM, MusicCast ya Yamaha ndi HEOS ya Denon. Makina otere amayenera eni malo omwera, malo ogona alendo, malesitilanti ndi masaluni, omwe amafuna nyimbo zizilira tsiku lonse popanda munthu woima pambali pake. Ndi makasitomala olipira bwino, koma salolera zoti alendo awo azimvera nyimbo zodukaduka.

Manambala awiri oyenera kuwadziwa

Nyimbo ya pa CD imalembedwa kuti 16-bit/44.1kHz. Nambala yachiwiriyo ikutanthauza kuti mawu anayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Yoyambayo ikunena za kusamalitsa kwa muyezo uliwonse, monga mmene sikelo yowerenga mpaka magalamu imaposera sikelo yongowerenga makilogalamu. Nyimbo zomwe zimatchedwa Hi-Res ndi zomwe zimaposa pamenepa, monga 24-bit/96kHz kapena 24-bit/192kHz.

Manambalawa akamakwera, fayilo imalemera. Nyimbo ya mphindi 4 ya MP3 yabwino kwambiri, ya 320kbps, imatenga pafupifupi 10MB. Nyimbo yomweyo ikakhala WAV ya mlingo wa CD imatenga 42MB. Pa 24/96 imafika 138MB, ndipo pa 24/192 imakwana 276MB. Mtundu wa FLAC, womwe unatuluka mu 2001, umapanikiza fayilo osataya kalikonse m'mawu ake, ndipo umachotsapo mwina gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka, komabe katundu amakhala wolemera ndithu.

Kwa wobena nyimbo izi ndi nkhani ya ndalama. Fulashi ya 16GB imalowa nyimbo za MP3 zoterezi pafupifupi 1,500. Za WAV ya 24/192 sizikwana 60. Kasitomala wozolowera kudzazitsa fulashi ndi nyimbo zoti amvere mwezi wathunthu akapatsidwa 60 zokha adzati waberedwa, ngakhale atauzidwa kuti ndi zapamwamba.

Makina aliwonse ali ndi pomwe amalekezera, ngati njinga ya kabaza yomwe imanyamula matumba awiri koma lachitatu n'kukana. Chromecast Audio, yomwe kampani ya Google inasiya kupanga mu 2019, imafika 24/96. Squeezebox Touch ya Logitech imalekezeranso pomwepo. WiiM Mini, ngakhale ndi kakang'ono kokwana m'dzanja, imafika 24/192. Sonos ndiyo imadabwitsa ambiri kaamba ka kutchuka kwa dzina lake: pa nyimbo zosungidwa pa kompyuta, makina oyendera pulogalamu ya S2, yomwe inabwera mu 2020, amalekezera pa 24-bit/48kHz, pomwe akale oyendera S1 amafuna za 16-bit basi. Munthu akawapatsa fayilo ya 96kHz saimba. Sanawonongeke, anapangidwa choncho.

Masipika otchipa okhala ndi polowetsa fulashi, omwe ndi ochuluka pamsika kuposa onsewa, malire awo ndi otsika kwambiri. Ambiri amadziwa MP3 ndi WAV wamba. Ena pa katoni pamalembedwa FLAC, koma akakumana ndi ya 24-bit amangodumphira nyimbo yotsatira osanena kanthu.

Fulashi yoyesera

Chida chofunika kwambiri pa ntchitoyi ndi fulashi imodzi yodalirika yomwe siigulitsidwa, siibwerekedwa, imangokhala m'dirowa. Mmenemo muikidwe nyimbo imodzi yomweyo m'mitundu isanu: MP3, FLAC ya 16/44.1, FLAC ya 24/48, ya 24/96 ndi ya 24/192. Dzina la fayilo iliyonse linene mtundu wake. Makina akangofika kuchokera koodedwa, asanaikidwe n'komwe pa shelefu, wogulitsa aimbe zisanuzo motsatana. Pomwe alekezere ndiye malire ake, ndipo alembedwe pa kapepala n'kumata pansi pa makinawo.

Fulashi yomweyi ndi imene imaweruza mlandu kasitomala akabweza katundu. Ngati makina akuimba nyimbo zoyesera monga ankachitira tsiku logulidwa, ndiye kuti vuto lili pa nyimbo za kasitomalayo kapena kunyumba kwake. Iye amadzionera yekha, ndipo mkangano umachepa.

Chotsatira n'kuona fayilo yomwe ikukanayo. Dzina lokha limanamiza. Fayilo yothera ndi .m4a itha kukhala AAC, yomwe makina ambiri amaimba, kapena ALAC ya kampani ya Apple, yomwe makina ena saidziwa. WAV itha kukhala ya 32-bit, mtundu womwe umatuluka m'mapulogalamu a ojambula nyimbo ku situdiyo, ndipo makina ambiri apanyumba amaikana. Woimba wa kwaya akabweretsa nyimbo yake yongochoka kumene ku situdiyo n'kukana kulira pa sipika ya kutchalitchi, apa ndiye poyambira kuona. Palinso FLAC yokonzedwera masipika 6, ija amati 5.1, yomwe makina ena a masipika awiri satha kuimasula. Zothera ndi .dsf kapena .dff ndi za mtundu wina wotchedwa DSD, womwe umafuna makina odziwa mtunduwo.

Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaonetsa zonsezi m'kanthawi kochepa, ndipo VLC nayo imaonetsa zambiri mwa izo. Ngati fayiloyo ikukana ngakhale pa VLC, yomwe imaimba pafupifupi chilichonse, ndiye kuti inaduka potsitsa pa intaneti kapena pokopera. Imeneyo njofunika kuitenganso.

Kanthu kena komwe sikaganiziridwa ndi chithunzi. Mafayilo ambiri amanyamula chithunzi cha chimbale m'kati mwake, ndipo ena amanyamula chachikulu cha ma MB angapo. Makina ena akale amatsamwa nacho: amachedwa kuyamba nyimbo kapena kuidumpha kumene. Kuchotsa chithunzicho kapena kuikamo chaching'ono ndi pulogalamu ya Mp3tag kumathetsa vutolo.

Fayilo ikapezeka kuti yaposa malire a makina, mankhwala ake n'kuitsitsa. Mapulogalamu aulere monga foobar2000, fre:ac ndi Audacity amatha kusintha ya 24/96 kukhala 24/48 kapena 16/44.1. Yoyambirira ija isafufutidwe, chifukwa kasitomala wina wa makina amphamvu adzaifuna. Ntchito yosinthayi wobena nyimbo atha kuiikira mtengo wake, popeza imadya nthawi ndi magetsi.

Makina akapanda kuona nyimbo n'komwe

Nthawi zina makina saonetsa nyimbo ngakhale imodzi. Apa wokayikiridwa woyamba ndi kafomatidwe ka fulashi. Makina ambiri akale, mawailesi a m'galimoto ndi masipika otchipa amawerenga FAT32 yokha. Koma mamemori khadi oposa 32GB amabwera ali pa exFAT, mafulashi aakulu ambiri chimodzimodzi, ndipo ma hard drive ambiri amakhala pa NTFS. Kasitomala amagula fulashi ya 64GB poganiza kuti wachita bwino, n'kukapeza kuti sipika yake ikungoti palibe kanthu. Kuifomata kukhala FAT32 kumathandiza, koma kufomata kumafufuta zonse, choncho zinthu za mwini wake ziyambe zakoperedwa pena. FAT32 ili ndi lamulo lakenso: fayilo imodzi isapose 4GB. Nyimbo imodzi siifika pamenepo, koma msakanizo wa DJ wa ola lathunthu wosungidwa ngati WAV ya 24/192 umafika pafupi kwambiri ndi malirewo.

Wokayikiridwa wachiwiri ndi fulashi yabodza, ndipo apa mpomwe amalonda ambiri amapsa manja osadziwa. Pali mafulashi olembedwa 64GB kapena 128GB omwe m'kati mwake muli malo ochepa zedi. Kompyuta imakhulupirira zomwe yauzidwa, imakopera mafayilo onse osadandaula, mayina a nyimbo amaoneka onse, koma zomwe zinalowa malo enieni atatha zimakhala zowonongeka. Pa MP3 chinyengochi chimabisala kwa miyezi chifukwa fulashi imachedwa kudzaza. Pa Hi-Res chimaululika tsiku lomwelo. Chizindikiro chake n'choti nyimbo zoyamba kukoperedwa zimalira, zomalizira zimakana. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso kuti ione malo enieni. Imatenga nthawi, koma wooda mafulashi ambiri akayesa awiri kapena atatu pa katoni asanayambe kugulitsa, amadziwa msanga ngati wapikula mavuto. Mtengo wotsika modabwitsa koodako ndi chenjezo kale.

Ngati nyimbo zili pa laputopu ndipo makina a netiweki sakuziona, choyamba n'kutsimikiza kuti laputopu, foni ndi makinawo zili pa WiFi imodzi. Foni ikakhala pa data ya m'manja siingaone makina omwe ali pa router ya m'nyumba. M'malo ogona alendo mumakhala WiFi ya alendo yomwe mwadala imaletsa zipangizo kuonana, ndipo makina akalumikizidwa kumeneko amakhala ngati kulibe.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Makina ambiri akale amalankhulana ndi kompyuta kudzera m'njira yotchedwa SMB1. Kuyambira mu 2017 kampani ya Microsoft inayamba kutulutsa Windows 10 njirayi itachotsedwa, ndipo ndi chaka chomwecho pomwe kachilombo ka WannaCry kanadutsira momwemo n'kuwononga makompyuta m'maiko ambiri. Ndiye zimachitika kuti makina omwe ankayenda bwino ndi laputopu yakale amasiya kuona nyimbo mwini wake akagula yatsopano. Njirayo itha kutsegulidwanso, koma pa laputopu yomwe imasunganso mabuku a bizinesi n'kusiya chitseko chosakhoma. Chanzeru n'kugwiritsa ntchito njira ya DLNA ngati makinawo amaidziwa. Windows ili nayo kale, ndipo pali mapulogalamu ena ochita zomwezo monga MinimServer ndi Serviio.

Magetsi nawo amalowererapo. Akathima n'kuyakanso, router itha kupatsa laputopu adiresi ina, makina n'kumafunafuna nyimbo pa adiresi yakale. Ndi bwino kuyatsa router poyamba, kudikira mphindi zingapo, kenako laputopu, makina oimbira pomalizira. Wodziwa atha kuuza router kuti laputopuyo izilandira adiresi imodzimodzi nthawi zonse.

Kudukaduka

Nyimbo ikamayamba bwino n'kumaima pakati, kenako n'kupitiriza, fayilo ilibe mlandu. Ikadakhala yosayenera makinawo sikadayamba n'komwe. Vuto ndi msewu. MP3 imafuna 320kbps basi, CD imafuna 1,411kbps, pomwe 24/96 yosapanikiza imafuna 4,608kbps ndipo 24/192 imafuna 9,216kbps. Pa pepala WiFi iliyonse imakwanitsa zimenezi. Koma nyimbo imafuna msewu wosaima, ndipo WiFi ya 2.4GHz pamalo odzaza anthu imakhala ngati msewu wa mu Limbe nthawi yoweruka. Imalimbirana mpata ndi ma router a oyandikana nawo, ma hotspot a m'mafoni, Bluetooth, ngakhalenso microwave ya kukhitchini. N'chifukwa chake mwini bala amadandaula kuti masana makina amaimba bwino, koma usiku anthu akadzaza amayamba kudodoma.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyimbo yomweyo iimbidwe pa fulashi yolowetsedwa m'makinamo, ngati ali ndi polowetsa. Ikalira bwino, mlandu ndi wa WiFi. Kusamutsira makina pa 5GHz kumathandiza ngati router ndi makinawo zili nayo, ngakhale kuti 5GHz imafooka msanga ikakumana ndi makoma a njerwa. Kuchotsa router kuseri kwa firiji kapena m'kabati yachitsulo kumathandizanso. Koma mankhwala enieni ndi chingwe cha netiweki. Cha Cat5e kapena Cat6 chimayenda mpaka mamita 100 osataya mphamvu, ndipo sichisamala kuti m'balamo muli mafoni angati. Wogulitsa makina otere azikhala nacho pa shelefu. Amapezapo kaphindu, komanso amadzichotsera ulendo wokakonza zinthu usiku wa Loweruka.

Makasitomala ambiri amaopa kuti makinawa aziwathera bandulo. Nyimbo zochokera pa laputopu ya m'nyumba momwemo sizidya bandulo, chifukwa zimangodutsa pa router osatuluka kunja. Zochokera pa intaneti ndizo zimadya, ndipo za 24/96 zimatha kudutsa 1GB pa ola limodzi. Wogula auzidwe zimenezi asanatulutse ndalama.

Pali vuto lina lomwe limapusitsa ngakhale okonza. Pa foni zikuoneka kuti nyimbo ikuyenda, masekondi akuwerengeka, koma masipika ali zii. Izi zimachitika makina oimbira akalumikizidwa ku amplifier ndi chingwe cha optical, chija chimawala kofiira kunsonga. Ma amplifier ambiri amalandira mpaka 96kHz pakhomo limeneli, ena 48kHz yokha. Makina akatumiza 192kHz, amplifier imangokhala chete kapena kumalira thetheche. M'pulogalamu ya pa foni ya makina ena, monga a WiiM, muli posankha mlingo wotulutsira mawu, ndipo kuutsitsa kufika pa 96 kapena 48 kumabwezeretsa nyimbo. Apo ayi, zingwe wamba zija, chofiira ndi choyera, zimagwira ntchito.

Kodi Hi-Res njofunikadi?

Funso limeneli wogulitsa ayenera kuliyankha moona mtima, chifukwa ndi pomwe pamachokera madandaulo ena. Kasitomala amagula makina odula, amaimba fayilo ya 24/192 kuchokera pa foni kudzera pa Bluetooth, n'kudabwa kuti palibe kusiyana ndi kale. Sipangakhale kusiyana. Bluetooth wamba, ya SBC, imalekezera cha m'ma 328kbps, ndipo ngakhale LDAC ya Sony, yomwe ili m'gulu la zamphamvu, imafika 990kbps, osakwana n'komwe mlingo wa CD. Fayilo yaikulu ija imafinyidwa isanafike pa sipika. AirPlay ya mafoni a iPhone nayo siinyamula 96 kapena 192.

Komanso si fayilo iliyonse yolembedwa Hi-Res yomwe ilidi yotero. Munthu atha kutenga MP3 yotsitsidwa pa WhatsApp n'kuisandutsa FLAC ya 24/96. Imakula kukhala 100MB koma mawu ake ndi omwe aja, ngati kuthira madzi mumkaka kuti chigubu chidzaze. Pulogalamu yaulere ya Spek imajambula chithunzi cha mawu a nyimbo. Ngati chithunzicho chadulidwa mowongoka cha pa 16kHz, fayiloyo inachokera ku MP3 yotsika. Wobena nyimbo yemwe amalipiritsa mtengo wapamwamba pa mafayilo otere akugulitsa dzina lake motchipa, chifukwa kasitomala mmodzi wodziwa akamutulukira nkhani imafala msika wonse.

Khutu la munthu limamva mpaka cha pa 20kHz, ndipo malirewa amatsika munthu akamakula. CD imasunga mawu mpaka 22kHz. M'bala momwe anthu akukuwa, mu saluni momwe choumitsira tsitsi chikulira, kapena m'minibasi, palibe angasiyanitse 24/192 ndi FLAC ya mlingo wa CD, ndipo ambiri sangasiyanitse ngakhale ndi MP3 ya 320kbps. Kwa makasitomala otere, ndalama ikapita pa sipika yabwino ndi chingwe cha netiweki imaoneka ntchito yake kuposa ikapita pa mafayilo olemera. Hi-Res isiyidwire yemwe waifuna yekha, ali ndi makina oikwanitsa komanso chipinda chachete chomverera.

Mbali ya malamulo isaiwalike. Kukopera anthu nyimbo pofuna phindu komanso kuimba nyimbo pamalo a bizinesi kumafuna chilolezo cha bungwe la COSOMA, lomwe limayang'anira umwini wa ntchito za luso m'dziko muno motsatira lamulo la Copyright la 2016. Fayilo kukhala FLAC kapena MP3 sikusintha kanthu pamenepa.

Pogulitsa makina, nyimbo zisanu zoyesera zija ziimbidwe kasitomala ali pomwepo, amve yekha pomwe makinawo akulekezera. Malirewo alembedwe pa lisiti, mwachitsanzo "imaimba mpaka 24/96, fulashi ya FAT32", pamodzi ndi masiku omwe agwirizana kuti katundu atha kubwezedwa. Ndipo wodzabweza auzidwiretu kuti adzabwere ndi fulashi yake komanso nyimbo yomwe yakanayo, osati katoni yokha.